Mwandiphera galu ali pa tcheni, ndiyankheni

Inu a ofesi ya za ziweto m'boma lathu lino, ndikulemba pano pagulu chifukwa ku ofesi kwanu ndafikako katatu, ndipo katatu konseko yankho n'lakuti bwana atuluka.

Lachiwiri lapitali m'mawa anyamata anu a mfuti analowa kumpanda kwanga osaodira n'komwe, n'kuwombera galu wanga Bingo. Anali pa tcheni pansi pa mtengo wa mango, monga munalengezera pa chimkuzamawu kuti agalu onse amangidwe chifukwa kwagwa chiwewe. Mwana wanga wa zaka 9 ankatsuka mbale chapafupi pomwepo. Mpaka lero akumadzidzimuka usiku. Mayi ake atathamangira m'nyumba kukatenga khadi la katemera, anapeza galu mwamuponya kale m'galimoto.

Chiwewe sindikuchipeputsa ayi, munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro ndiye kuti kwatha. Ndikudziwanso kuti lamulo la matenda a ziweto limakulolani kupha agalu ongoyendayenda nthawi ngati ino. Koma Bingo amayendayenda kuti, tcheni chili m'khosi? Khadi lakelo lili ndi chidindo cha ofesi yanu yomweyo.

Galu ndi katundu wa munthu ngati mbuzi kapena njinga. Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa, ndipo gawo 43 likuti ofesi ya boma ikachita chinthu chokhudza ufulu wa munthu, imupatse zifukwa zake polemba. Kalata imeneyo ndiyo ndikuifuna: analamula ndani, ndipo galuyo analakwanji? Ngati mumamukayikira chiwewe, chimadziwika poyeza ubongo ku labotale. Munayeza? Zotsatira zili kuti? Ana anga ankasewera naye tsiku ndi tsiku, ndiye ngati anali nachodi bwenzi mutatiuza tithamangire kuchipatala, osati kungoti zii.

Chipukuta misozi ndikuchifunanso. Chiphereni Bingo, akuba atibera kale nkhuku 4, khola lake lomwelo limene ankagona pakhomo pake.

Ndikupatsani masiku 14. Mukapanda kuyankha ndikukadandaula kwa Ombudsman, komwe sakulipiritsa, ndipo a Legal Aid Bureau akandiuza za kukhoti. Khadi, tcheni ndi zithunzi za magazi pansi pa mango ndasunga. Aneba awiri amene anaona zonse avomera kukaikira umboni.