Kalata yothokoza akuluakulu a kampani yathu pa ulendo wa ku Tanzania

Nthambi ya Mzuzu,
Mzuzu.

Olemekezeka Bwana Mkulu ndi akuluakulu onse a ku likulu,

Ndalemba kalatayi m'malo mwa anzanga onse a nthambi ya Mzuzu, pothokoza kampani chifukwa cha ulendo umene munatikonzera wa ku Dar es Salaam ndi ku Bagamoyo, wotilimbikitsa kugwira ntchito mogwirizana. Pa msonkhano wathu wa Lolemba tinagwirizana kuti zikomo wapakamwa sakwanira, ndipo cholembera anachipereka kwa ine.

Chimene tikuthokoza koposa ndi mndandanda wa mayina. Titamva kuti kuli ulendo wa kunja, ambirife tinangoti izi ndi za mabwana, ife tidzaonera zithunzi pa WhatsApp. Koma pepala litamatidwa pakhoma, panali madalaivala, amayi osesa m'maofesi, anyamata onyamula katundu ndi abambo athu a pageti. Ena anali asanagwirepo pasipoti chibadwire. Kampani inalipira zonse, ndipo a ofesi yoona za antchito anakhala nawo pansi kudzaza mafomu mpaka kuwaperekeza ku Immigration konkuno ku Mzuzu.

Sitibisa, madandaulo analipo. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro safikanso pa 20 pa mwezi, ndiye ena ankati bwanji ndalama za ulendowu osangotigawira. Mawu amenewo ndi omveka, ndipo musawatenge ngati mwano. Koma amene ankawalankhula mokweza ndi omwewo amene pobwerera ankafunsa za chaka chamawa.

Tinanyamuka mbandakucha, chifunga chisanachoke m'tauni. Potsika Chiweta nyanja inaonekera pansi, basi yonse phokoso. Karonga tinangodutsa. Pa Songwe tinadinditsa mapasipoti, ndipo titaoloka mlatho kufika pa Kasumulu anatiuza kuti tikankhire mawotchi patsogolo ndi ola limodzi. Kuchoka apo ndi nthochi ndi minda ya tiyi ya ku Tukuyu mpaka ku Mbeya, kumene tinakwera sitima ya TAZARA, ya njanji ija imene anamanga mothandizidwa ndi dziko la China kuyambira 1970 mpaka 1975.

Amene anagawa malo ogona m'sitimamo anaganiza mozama. Anasakaniza dala anthu a zigawo zosiyana, moti wa maakaunti amene amabweza malisiti a mafuta anapezeka m'chipinda chimodzi ndi madalaivala awiri. Usiku wonse anamva mmene zimakhalira kugona pa mzere wa dizilo, n'kudzapatsidwa lisiti lolemba pamanja losaoneka bwino, mawa lake ku ofesi n'kuuzidwa kuti ndalama sibwezedwa. Iyenso anawafotokozera zimene maodita amamufunsa akabwera. Nkhani imene inatenga miyezi tikulemberana mamemo inatha anthu akugawana nthochi zowotcha.

Masewera omangana m'maso ndi okokana chingwe pamchenga tinachita, tinaseka, zinali bwino. Ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam tinaona kumene amalonda a ku msika wa Taifa wa ku Mzuzu kuno amapikula zitenje, ndipo amayi anagula mpaka zikwama kukana kutsekeka. Ku Makumbusho, kumene anamanga nyumba za mitundu yosiyanasiyana ya m'dzikomo, tinaonera magule awo koyamba.

Ku Bagamoyo, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Dar es Salaam, phokoso linachepa. Tauni imeneyi inali kothera njira za amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera kumtunda, ndipo ife a kumpoto mbiri imeneyi si yachilendo, poti Mlozi, wogulitsa akapolo uja, anazunza anthu ku Karonga mpaka 1895. Pa mishoni ya Akatolika anationetsa pamene anasunga thupi la David Livingstone mu 1874, antchito ake Susi ndi Chuma ndi anzawo atalinyamula wapansi kuchokera kwa Chitambo ku Zambia. Ife amene tinali titangodutsa pa Chitimba, m'munsi mwa Livingstonia, tinangoyang'anana poganiza za mtunda umenewo.

Madzulo ake ophunzira a pa sukulu ya zaluso ndi chikhalidwe ya m'tauniyo anativinira. Ng'oma zawo ndi zaliwiro, ndipo achinyamatawo amadumpha mochititsa mantha. Kenako inafika nthawi yathu, monga munatiuziratu kuti tikonzekere.

Gule woti tikavine anatitengera mkangano tisananyamuke. Achinyamata ankafuna vimbuza, poti ndi wodziwika ndipo UNESCO inamulemekeza mu 2005. Achikulire anakana, nati vimbuza ndi gule wochiritsa odwala, sangavinidwe ndi anthu a muofesi pofuna kusangalatsa alendo. Ndikuona kuti ananena zoona. Ingoma inafuna zishango ndi zibonga zoti tikavutike nazo pachipata. Tinagwirizana za malipenga, chifukwa abambo athu a pageti, a ku Chintheche, anatsogolerapo gulu la malipenga kwawo ali mnyamata.

Bwana, mukanaona. Abambo amene tsiku ndi tsiku amangotsegula geti ndi kupereka sawatcha anatulukira atavala kabudula woyera, malaya oyera, masokosi ofika m'maondo ndi kampango m'manja. Malipenga a zikho anawanyamula okha kuchokera kumudzi, atawakulunga m'chitenje kuti asasweke, ndipo njira yonse sankalola munthu kuwagwira. Iwo ndi amene anatiika pa mizere. Manijala wathu anaphonya sitepe kawiri pokonzekera, ndipo anauzidwa mwaulemu koma mosabweza kuti, “Bwana, inu pitani kumbuyo, muziona mapazi a anzanu.” Anapita, osawiringula. Ng'oma yaikulu itagunda, mapazi onse anatera pamodzi, zikho zikulira, abambowo ali patsogolo khosi lili njo, akuponda pang'onopang'ono mwaulemerero. Amayi anatsatira ndi chilimika.

Mphunzitsi wina wa pa sukuluyo anabwera kudzawagwira chanza. Anati mavinidwewo akuwadziwa, chifukwa ndi a mtundu umodzi ndi beni, gule amene anayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere potsanzira perete wa asilikali, n'kufalikira kumtunda makamaka pambuyo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Anatinso anthu a ku Mbamba Bay, tsidya lina la nyanja yathu, amavina mganda wofanana nawo. Abambo athu anacheza naye nthawi yaitali, dalaivala wa ku Karonga akumasulira Chiswahili.

Chibwerereni, anthu sadutsanso pageti osatsitsa galasi, ndipo malisiti a mafuta ali ndi fomu yatsopano imene madalaivala ndi a maakaunti analemba limodzi. Tayiphatikiza ku kalatayi kuti muione, mwina ingathandizenso nthambi zina.

Pempho lathu ndi limodzi. Pali anzathu amene anatsala kuti ofesi isatsekedwe, ndipo anagwira ntchito ya anthu ambiri osadandaula. Ulendo wina ukadzapezeka, mayina awo adzakhale oyamba. Gulu la malipenga lagwirizana kumakumana Lachisanu lomaliza la mwezi tikaweruka, choncho mukadzabwera ku Mzuzu mudzatiuziretu tsiku, tidzakuvinireni.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Ine wanu pa ntchito,
Mlembi wa komiti ya ogwira ntchito,
Nthambi ya Mzuzu.