Mabuloko a simenti nawonso ali ndi utsi wake

A Mkonzi,

Mu 2018 boma lidaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi nyumba zamalonda. Lidachita bwino, poti mauvuni anali atameta nkhalango zathu. Koma tsopano omanga ambiri akuyesa kuti akangogula mabuloko a simenti ndiye kuti nkhani yatha.

Simenti amapangidwa potentha miyala ya laimu pa moto wa madigiri pafupifupi 1,450, ndipo mwalawo ukamapsa umatulutsa mpweya wa kaboni wochuluka, womwe umachititsa kusintha kwa nyengo. Padziko lonse, simenti yekha amatulutsa pafupifupi 8 pa 100 iliyonse ya mpweya umenewu. Onjezanipo zitsulo zimene zimabwera pa malole kuchokera ku Beira kapena ku South Africa. Nyumba imakhala itawononga kale chilengedwe munthu asanagonemo.

Bwanji makhonsolo a Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu osalamula kuti wopereka pulani ya nyumba yaikulu alembenso matumba a simenti, matani a zitsulo ndi kumene akazigule? Akatswiri owerengera zipangizo amakhala nazo kale ziwerengerozi, si ntchito yatsopano ayi. Pamenepo zidzaoneka poyera kuti makoma ambiri angathe kuimikidwa ndi njerwa zadothi zopsinja pamakina, zomwe zimafuna simenti wochepa.

Wowerenga wanu,
Lilongwe