Zionetsero za luso zifike ku Mabvuku ndi Mbare

A Mkonzi,

Makampani othandiza zionetsero za zojambula ndi zosema muno mu Harare akuchita bwino, koma ndalama zawo zikuthera m'tauni mokhamokha.

Mdzukulu wanga amasema miyala kuseri kwa nyumba ku Mabvuku. Ataitanidwa ku chionetsero china, mwala anagula yekha, galimoto yonyamulira analipira yekha. Tsiku lotsegulira, chikwangwani cha kampani chinali chachikulu kuposa chosema chake, ndipo dzina lake linalembedwa pa kapepala kosaoneka. Anzake sanapite, ndalama ya kombi inawasowa.

Tisaiwale kuti Tengenenge, malo osemera miyala amene anayamba mu 1966 kufupi ndi Guruve, anatchuka ndi manja a anthu ogwira ntchito m'mafamu a fodya, ambiri mwa iwo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Angola. Luso limenelo silinabadwire m'maholo a magalasi.

Ndikupempha makampaniwa kuti azilipira zipangizo ndi mayendedwe a aluso. Chionetsero chikatsekedwa ku National Gallery of Zimbabwe, chizipitanso m'maholo a ku Mabvuku, Mbare ndi Mufakose, ana asukulu azilowa ulere.

Wowerenga,
Mabvuku