Kusiyana kwa 49 ndi 50 n'kotani?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa momwe mayunivesite amayezera ophunzira ndi malikisi. Komwe malikisi okhozera ndi 50, wopeza 49 amati walephera, alembenso mayeso kapena abwereze kosi yonse, pamene wa 50 akupita patsogolo. Kodi alipo lekichara amene angalumbire kuti pa nkhani ya masamba khumi amaona ndithu kusiyana kwa 49 ndi 50? Pepala lomwelo akalichonga m'mawa mutu uli wozizira, ndiye alichongenso usiku mulu wa mapepala utamutopetsa, nambala siituluka yofanana.

Izitu sizachilendo. Mu 1912, akatswiri ofufuza za maphunziro, Daniel Starch ndi Edward Elliott ku America, anapereka mapepala awiri a Chingerezi kwa aphunzitsi 142 kuti achonge. Pepala limodzi linapatsidwa malikisi kuyambira 50 mpaka 97. Anthu anati Chingerezi n'chovuta kuchonga, masamu sangatero. Chaka chotsatira anayesa ndi pepala la jometule, ndipo wopereka zambiri ndi wopereka zochepa anasiyana ndi malikisi oposa 60. Anali mapepala a kusekondale, inde, koma nkhani ya wophunzira wa digiri ndi yovuta kuyeza kuposa pamenepo.

Kenaka timatenga manambala osadalirikawa n'kuwaphatikiza kuti tipeze avereji, mpaka kulemba 64.7, ngati tayeza pa sikelo. Avereji imabisa zambiri. Amene anayamba chaka movutika koma n'kumaliza akuidziwa bwino ntchito amafanana ndi uja anayamba bwino n'kumatsikiratsikira.

Chondiwawa kwambiri ndi zimene nambala imachita m'mutu mwa wophunzira. Lekichara amakhala pansi kulemba ndemanga m'mbali mwa pepala: apa mfundo ilibe umboni, apa wasakaniza zinthu ziwiri. Pepala likabwezedwa, wophunzira amathamangira pa nambala ya inki yofiira, kuona 62, kufunsa mnzake kuti wapeza zingati, basi pepala m'chikwama. Kafukufuku wa Ruth Butler wa mu 1988, pa ana a pulayimale, anapeza zomwezi: olandira ndemanga zokha anachita bwino pa ntchito yotsatira, koma olandira ndemanga pamodzi ndi malikisi sanasiyane ndi olandira malikisi okha. N'chifukwa chake funso lomveka kwambiri m'kalasi ndi lakuti, "Kodi zimenezi zibwera pa mayeso?"

Sindikunena kuti malikisi athe mawa. Olemba ntchito ndi opereka thandizo la fizi amawafuna, ndipo lekichara wa ophunzira mazana atatu sangalembere aliyense lipoti. Koma yunivesite ya MIT ku America simalemba magiredi pa thiransikiriputi (chikalata cha zotsatira za wophunzira) ya semesita yoyamba, imangosonyeza maphunziro amene wophunzira wakhoza. Mayunivesite ena angayambe ndi zochepa: pepala lililonse logwera m'malire lichongedwenso ndi munthu wachiwiri asanaone malikisi a woyamba, ndipo pa ma asayimenti ndemanga zizibwera kaye, nambala pambuyo.

Mphunzitsi wodandaula