Njinga ya m'minda ya mphesa yandichiritsa mantha

Akonzi,

Ndine mwana wa ku Dedza, koma ndimagwira ntchito m'munda wa mphesa ku Stellenbosch, kuno ku Joni. Kwathu njinga ndi ya kabaza, makala ndi ulendo wa kuchigayo, ndiye nditafika ndinkaseka anthu ovala zothina amene amalipira ndalama kuti atuluke thukuta pachitunda. Lero ndine mmodzi wa iwo.

Mantha ndi amene anandiloza kopalasa njinga m'minda ya mphesa. Pamsewu wa R44 galimoto inandipyola pafupi kwambiri mpaka ndinagwera m'ngalande, bondo lonse kusupuka. Mnzanga ndiye anandionetsa tinjira ta miyala ta ku Bottelary, zitunda za pafupi ndi Stellenbosch, todutsa m'minda momwe. Umagula chilolezo, basi. Chokumana nacho ndi thirakitala, nkhanga ndi fumbi.

Mu February, nthawi yothyola mphesa, ndimanyamuka kusanatenthe. Chitunda chimawawa ndithu, matayala akuterereka pa timiyala, koma ukafika pamwamba umaona Table Mountain, phiri la ku Cape Town, patali, mizere ya mphesa ili ndandanda mmunsimo. Potsika musakhulupirire buleki ya kutsogolo yokha.

Ndimangoganiza za njira za m'minda ya tiyi ku Thyolo. Eni minda sangatsegulire achinyamata athu njira ngakhale imodzi Loweruka?

Wowerenga wanu,
Stellenbosch