Sitachi amabisala m'zakudya zambiri

Akonzi,

Ena odwala ankylosing spondylitis, nthenda youmitsa msana, amasala sitachi potsatira ganizo la Pulofesa Alan Ebringer wa ku London lakuti sitachi amadyetsa tizilombo ta Klebsiella m'matumbo, timene iye akuti timayambitsa nthendayi. Za buledi, mpunga, mbatata ndi nyemba aliyense amadziwa. Zimene zimapusitsa anthu ndi soseji, supu wa m'paketi ndi zokometsera ndiwo, chifukwa opanga amathiramo ufa.

Kuti mudziwe ngati chakudya chili ndi sitachi, dulani kachidutswa, mudonthezepo dontho limodzi la ayodini, mankhwala opaka pabala. Kakada bii ngati inki, muli sitachi. Kachidutswako katayeni ngakhale kasasinthe mtundu. Nthochi yosapsa imada pompo.

Nyama, nsomba, mazira ndi masamba zilibe vuto. Koma chonde musasiye mankhwala, ndipo mukayamba kuonda kaonaneni ndi dokotala msanga.

Wowerenga wanu