Kalata kwa achimwene a ku Kapa

Achimwene,

Kalata yanu yafika Lachiwiri, yonyowa pang'ono chifukwa Saidi anaiika m'thumba limodzi ndi usipa. Kodi chithunzi cha sitima yankhondo ya ku Simon's Town mwatumizira ine kuti ndichite nsanje? Ifenso kuno tili nazo zathu, musatione kuchepa.

Yusufu wa Che Adamu uja tsopano ndi msilikali wa panyanja ku Monkey Bay. Anabwera sabata yatha kumaliro a agogo ake, ndipo sitinagone naye. Akuti maboti olondera a masiku ano si chitsulo cholemera chija ayi, ambiri ndi a aluminiyamu, opepuka, ndipo ena alibe ngakhale pulopela, amayamwa madzi pansi n'kuwalavula kumbuyo, n'chifukwa chake amafika ndi posaya pomwe. Aja 7 anagulidwa kwanuko mu 2013, nthawi ya Mayi Joyce Banda, mkangano wa malire ndi Tanzania uli m'kamwam'kamwa, ndi amtundu waung'ono wothamanga.

Ndinamukumbutsa za mfuti ya sitima ya Angerezi ya Guendolen ili pafupi ndi wotchi pa boma la Mangochi paja, yomwe tinkakwerapo pothawa sukulu. Sitima imeneyo inkayendera nkhuni! Mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, tsidya la Tanzania, ili pamtunda kukonzedwa, woyendetsa wa Chijeremani asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Lero uthenga wotere ungachedwe mphindi zingati?

Koma chandisowetsa tulo n'china. Mwanayo akuti kunja kuli maboti okhala ndi radar ndi makamera oona kutentha kwa thupi la munthu mumdima wa ndiweyani. Ndinafunsa ngati athuwa alinso nazo, anangoseka. Achimwene, kuseka kumeneko! Zaka 50 ndakhala ndikusamba padooko usiku monga anandibalira amayi. Tsopano ndimalowa m'madzi ndi kabudula, maso ali kunyanja. Dzana kanyali ka asodzi a usipa kanandithamangitsa sopo ali kumutu. Mayi a Asiyatu akuti ndapenga, boma lingawononge dizilo kudzaona mimba yangayi? Ine ndikuti simudziwa. Akutinso kwinako kwayamba maboti opanda munthu, owongoleredwa ndi kompyuta. Ndiye ukalakwa upepesa kwa ndani?

Ataweruka anthu ndinakhala ndekha kuganiza za Jafali. Tsiku lija la mwera tinamufunafuna ndi bwato ndi tochi mpaka mbandakucha. Chikhala kamera yoteroyo inalipo, kaya. Mkazi wake anakupatsani moni.

Injini yanga yafanso, pulagi ndi yomweyo munati mutumiza chaka chatha. Chambo chikusowa, chomwe chapezeka mtengo wake ngati mbuzi. Asiyatu wakwatiwa, ndinakuuzani? Nanga nsapato zija, nambala 9 osati 8, chifukwa zija munapatsira Saidi zinandithina.